Nambala Yaikulu Isatiopse: 129 056

Ambiri a ife tikaona nambala yaitali pa pepala timayang'ana kumbali. Nambala zazing'ono timazidziwa. Nkhuku zathu timaziwerenga madzulo zikamalowa m'khola. Matumba a nyemba timawawerenga tisanawakweze pa njinga. Koma ikangofika nambala ya zizindikiro zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, timapereka pepala kwa mwana wa sukulu, mwinanso kwa wogula yemweyo, ndi kunena kuti, "Tatiwerengereni inu."

Makolo athu anavutika nazo zimenezi. M'nthawi ya Apwitikizi anali kulima thonje mokakamizidwa. Thonjelo linali kuyezedwa pa sikelo, munthu wina ndi kulemba nambala m'buku, ndipo mlimi analibe njira yodziwira ngati zolembedwazo zinali zoona. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sanali kudziwa kulemba ndi kuwerenga. N'chifukwa chake mu 1978 Pulezidenti Samora Machel anatsegula ntchito yophunzitsa akulu m'dziko lonse. Ife amene tikuphunzira lero tikupitiriza ntchito yomweyo.

Tsono lero titenga nambala imodzi yaikulu ndi kuiunika bwino, monga momwe timaunikira mbuzi pa msika tisanaigule. Tiona mano, tiona miyendo, tiona ndi mchira womwe. Nambalayi sitinaitole kutali. Ndi nambala ya nthaka imene tikupondayi. Mabuku a boma amalemba kukula kwa chigawo chathu cha Niassa motere: 129 056 km².

Kodi nambalayi ikuwerenga chiani?

Tiyambe ndi munda. Munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi ndi hekitala imodzi. Minda yotere ikakwana 100, yagona pamodzi, imapanga malo a kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi. Malo amenewo ndiwo sikweya kilomita imodzi, ndipo mwachidule amalembedwa km².

Niassa ali ndi malo otere okwana 129 056. Mwa amenewa 122 176 ndi mtunda, ndipo 6 880 ndi madzi. Palibe chigawo china m'Mozambique chimene chimaposa Niassa kukula. Ngakhale dziko lonse la anansi athu a ku Malawi ndi la 118 484 km², kotero chigawo chathu chokha chimaliposa ndi 10 572 km².

Kuti timve kulemera kwa nambalayi, tiyerekeze kuti munthu wakhala pansi kuno ku Lulimile nayamba kuwerenga: modzi, wiri, tatu, nambala imodzi pa sekondi iriyonse. Sakudya, sakumwa, sakugona. Kuti afike pa 129 056 adzatenga maola 35 ndi mphindi 50 ndi masekondi 56. Atayamba Lolemba m'mawa dzuwa likutuluka, adzamaliza Lachiwiri dzuwa likulowa.

Kuiwerenga

Nambala yaitali sitiimeza yonse nthawi imodzi. Timaidula m'magulu a zizindikiro zitatuzitatu, kuyambira kudzanja lamanja. Tikatero 129056 asanduka magulu awiri: 129 ndi 056. Gulu lakumanzere ndi la zikwi. Gulu lakumanja ndi la mazana, makumi ndi umodzi. Tsono tiwerenga kuti: zikwi 129, ndi 56.

Chizindikiro chirichonse chiri ndi nyumba yake, ndipo mtengo wake umadalira nyumba imene chakhalamo. 6 ali m'nyumba ya umodzi, ndiye ndi 6 basi. 5 ali m'nyumba ya makumi, ndiye ndi 50. 9 ali m'nyumba ya zikwi, ndiye ndi 9 000. 2 ndi 20 000. Ndipo 1, amene amaoneka wochepetsetsa pa onse, ndiye mwini chuma, pakuti wakhala m'nyumba ya kumanzere kwenikweni ndipo mtengo wake ndi 100 000.

M'chinenero chathu nambala yonseyi timaitchula kuti: zikwi zana limodzi ndi makumi awiri mphambu zisanu ndi zinai, kudzanso makumi asanu mphambu zisanu ndi chimodzi. Ndi yaitali pakamwa, koma ikusonyeza kuti makolo athu anali nao mau a khumi, zana ndi chikwi kalekale, sukulu isanabwere.

Nanga 0 amene ali pakatiyo akuchita chiani? M'nyumba ya mazana mulibe kanthu. Koma nyumbayo siingagwetsedwe. Ziro ndi mlonda wa nyumba yopanda munthu. Tikamchotsa, zizindikiro zakumanzere zimasendera kumanja, chirichonse ndi kulowa m'nyumba yocheperapo, ndipo 129 056 asanduka 12 956. Kusiyana kwa nambala ziwirizi ndi 116 100. Kamzere kozungulira kamodzi kokha kataya zonsezo. Nzeru yolemba ziro ngati nambala inachokera ku India, ndipo katswiri wina wa kumeneko, Brahmagupta, analemba malamulo ake m'chaka cha 628. Aluya ndiwo anaifalitsa ku maiko ena.

Pali chinthu china choyenera kusamala kwambiri kuno kwathu. M'Mozambique zikwi timazilekanitsa ndi kadontho kapena ndi kampata: 129.056 kapena 129 056. Kamchira kotere (,) timakagwiritsa ntchito polekanitsa mametikali ndi masentavo. Pa lisiti pakalembedwa 1.500,00 ndiye kuti mametikali chikwi chimodzi ndi mazana asanu, popanda masentavo. Koma ku Malawi amachita mosemphana: kamchira ndiko kamalekanitsa zikwi, ndipo kadontho kamalekanitsa makwacha ndi matambala. Amene amagula ndi kugulitsa pa malire a ku Mandimba ayenera kuyamba afunsa kuti pepalalo lalembedwa mwa njira ya dziko liti.

Achikulire akukumbukira chaka cha 2006. Metikali inayamba kugwira ntchito pa 16 Juni 1980, m'malo mwa eskudo. Pofika 2006 mitengo ya zinthu inali italemera ndi maziro, kotero kuyambira pa 1 Julayi chaka chimenecho boma linachotsa maziro atatu. Mametikali akale 1 000 anasanduka metikali imodzi yatsopano. Munthu amene anali ndi mametikali akale 129 056 anatsala ndi mametikali atsopano 129 ndi timasentavo tochepa. Ndalama zake sizinabedwe iai. Zinangosamukira m'nyumba zina.

Yang'anani kumchira

Tsopano tifike pa khalidwe la nambala yathu. Funso lalikulu limene timafunsa nambala iriyonse ndi ili: kodi ingagawike mofanana, popanda chotsala? Ambiri amaganiza kuti kuyankha funsoli kumafuna pensulo ndi pepala lalikulu. Nthawi zambiri sikutero. Nambala imaulula zinsinsi zake zambiri kumchira.

Ngati chizindikiro chomaliza ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo imagawika pawiri popanda chotsala. Ana athu ku sukulu amaitcha número par pa Chipwitikizi. Ngati chomaliza ndi 1, 3, 5, 7 kapena 9, tikagawa pawiri chimatsala chimodzi, ndipo imeneyo ndi número ímpar. Nambala yathu yathera ndi 6. Motero imagawika pawiri: 64 528 uku, 64 528 uku.

Nanga anthu asanu angaigawane? Nambala yogawika ndi 5 imathera ndi 0 kapena 5. Yathu yathera ndi 6, kotero siingatheke, chidzatsala chimodzi. Anthu khumi? Pamafunika 0 kumapeto. Palibe. Zidzatsala 6.

Pofuna kudziwa za 4, timayang'ana zizindikiro ziwiri zomaliza. Pano ndi 56. Kodi 4 amalowa bwino mu 56? Inde, amalowa ka 14. Ndiye kuti nambala yonse imagawika ndi 4. Chifukwa chake n'chakuti zana lirilonse limagawika kale ndi 4, pakuti 4 kuchulukitsa ndi 25 ndi 100. Mazana ndi zikwi sizivuta. Chimene chingavute ndi mchira wokha. Pofuna kudziwa za 8 timayang'ana zizindikiro zitatu zomaliza, 056, ndipo 8 amalowa ka 7 mu 56. Kotero anthu asanu ndi atatu angaigawane, aliyense ndi kulandira 16 132.

Za 3 ndi 9

Nambala 3 ndi 9 siziyang'ana mchira. Zimafuna kuti tiphatikize zizindikiro zonse. Tiyeni tiphatikize: 1 + 2 + 9 + 0 + 5 + 6 = 23. Ngati yankho likugawika ndi 3, nambala yonse imagawika ndi 3. Koma 23 sagawika ndi 3. 3 amalowa ka 7 ndi kutsala 2. Ndiye kuti tikagawa 129 056 patatu zidzatsalanso 2 zomwezo. Yesani: aliyense alandira 43 018, ndipo zitsala 2. Chimodzimodzi ndi 9. Mu 23, 9 amalowa kawiri ndi kutsala 5. Tikagawa nambala yonse kwa anthu 9, aliyense alandira 14 339, ndipo zitsala 5.

Ena amati zimenezi ndi matsenga. Si matsenga. Khumi ndi 9 kuonjezapo 1. Zana ndi 99 kuonjezapo 1. Chikwi ndi 999 kuonjezapo 1. Tikamagawira anthu 9 mtolo wa khumi, wa zana kapena wa chikwi, pa mtolo uliwonse pamatsala chimodzi chokha. Mitolo iwiri isiya ziwiri, mitolo isanu isiya zisanu. Kuphatikiza zizindikiro ndiko kusonkhanitsa zotsala zonsezo pamodzi.

Chotsala sichikula kuposa ogawana

Apa tiime pang'ono, pakuti apa ndi pamene pamayambira mikangano m'magulu athu.

Tiyerekeze kuti 129 056 si nthaka koma ndi mametikali. Gulu la alimi 12 lagulitsa nyemba ndi mbatatesi za m'munda wa gulu, ndipo ndalama zimene zalowa ndi zimenezi. Msungichuma waimirira nanena kuti, "Aliyense alandira 10 500, ndipo zotsalazo n'zosagawika, zikhale kwa ine." Kodi tivomere?

Tiyeni tiwerengere. 10 500 kuchulukitsa ndi 12 ndi 126 000. Tikachotsa pa 129 056 zitsala 3 056. Kodi 3 056 angalephere kugawika kwa anthu 12? Iai. Lamulo ndi ili: chotsala chenicheni chimakhala chochepa kuposa chiwerengero cha anthu ogawana. Ngati ogawana ali 12, chotsala sichingapose 11. Chikafika 12, aliyense angalandirenso imodzi. Kugawa koona ndi uku: aliyense alandira 10 754, ndipo zitsala 8 zokha.

Sitikunena kuti gulu lisamasunge ndalama. Gulu lanzeru limapatula za mbeu, za feteleza ndi za matumba a chaka chamawa. Koma zimenezo zikhale zogwirizana pa msonkhano, zolembedwa m'buku, aliyense akudziwa kuchuluka kwake. Kusunga ndi kwina, kutsala ndi kwina. Msungichuma wokhulupirika amakondwa anzake akamawerengera pamodzi naye, chifukwa zimamchotsera miseche.

Gulu lomwelo likadakhala la anthu 15, aliyense akadalandira 8 603 ndi kutsala 11. Likadakhala la anthu 16, sipakadatsala kanthu. Tiona chifukwa chake tsopano.

Kuswa nambala

Mai akafuna kudziwa za m'kati mwa dzungu amaliswa. Nafenso tiiswe nambala yathu. Tiyamba ndi kuigawa pawiri, ndipo tipitiriza mpaka itakana.

129 056 pawiri ndi 64 528.
64 528 pawiri ndi 32 264.
32 264 pawiri ndi 16 132.
16 132 pawiri ndi 8 066.
8 066 pawiri ndi 4 033.

Apa yakana, pakuti 4 033 wathera ndi 3. Tagawa pawiri kasanu. Kugawa pawiri kanai ndi chimodzimodzi kugawa ndi 16, chifukwa 2 × 2 × 2 × 2 = 16. Kugawa pawiri kasanu ndi chimodzimodzi kugawa ndi 32.

Nambala ziwirizi timazidziwa bwino. Chigawo cha Niassa chiri ndi maboma 16: Lichinga, Chimbunila, Sanga, Lago, Muembe, Mavago, Mecula, Marrupa, Majune, Ngauma, Mandimba, Mecanhelas, Cuamba, Metarica, Maúa ndi Nipepe. Maboma onsewa akadakhala ofanana, lirilonse likadakhala la 8 066 km², popanda chotsala. Zangochitika mwamwai, pakuti amene anaika malire sanali kuganiza za masamu amenewa, ndipo mabomawo si ofanana. Mecula ndi wamkulu kutalitali kuposa Lichinga. Nayo 32 ndi nambala ya maenje a bawo, mizere inai ya maenje asanu ndi atatu. Munthu atakhala ndi njere 129 056 naziika mofanana m'maenje onse a bawo, dzenje lirilonse lingalandire 4 033, m'manja mwake osatsala njere.

Nanga 4 033 tingamuswe? Pawiri wakana. Patatu: 4 + 0 + 3 + 3 = 10, wakana. Ndi 5 wakana. Ndi 7 chitsala chimodzi. Tiyesa 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, ndipo onsewa akusiya zotsala. Munthu wofulumira angagwe mphwai apa ndi kunena kuti nambalayi siisweka. Koma tikayesa 37, ilowa bwino lomwe: 37 × 109 = 4 033.

Tsopano tafika pa mwala. 37 sagawika ndi nambala ina iriyonse koma 1 ndi iye mwini. 109 chimodzimodzi. 2 chimodzimodzi. Nambala zotere tingazitche nambala zosasweka. Ku sukulu amati número primo. Zoyambirira zake ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23 ndi 29, ndipo pansi pa 100 ziripo 25. Nambala 1 saikidwa m'gulu limeneli. Nambala zina zonse zoposa 1 ndi zosweka, número composto, ndipo iriyonse imamangidwa pochulukitsa nambala zosasweka, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Njerwa za nambala yathu ndi izi:

129 056 = 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 37 × 109

Palibe njira ina yoimangira. Aliyense amene adzaiswa, kaya ali ku Metangula kaya ku Maputo, kaya ayambe ndi 37 kaya ndi 2, adzapeza njerwa zisanu ndi ziwiri zomwezi. Tsono taonani: m'njerwazi mulibe 3, mulibe 5, mulibe 7. N'chifukwa chake anthu 3, 5, 6, 7, 9, 10, 12 kapena 15 sangaigawane popanda chotsala. Pa anthu 12 paja panatsala 8 chifukwa 12 ndi 2 × 2 × 3, ndipo njerwa ya 3 ikusowa.

Wina angafunse kuti, tadziwa bwanji kuti 109 sasweka? Kodi tinayesa nambala zonse mpaka 108? Sikofunika. Tiyesa 2, 3, 5 ndi 7 basi. Yotsatira ndi 11, koma 11 × 11 ndi 121, yaposa kale 109. Ngati 109 akadasweka, chimodzi mwa zidutswa zake chikadakhala chochepera 11, ndipo tikadachipeza kale.

Nkhani ya nambala zosasweka ndi yakale, ndipo mbali yaikulu ya mbiri yake inachitikira mu Africa muno. Mu mzinda wa Alexandria ku Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, mphunzitsi wina dzina lake Euclid anasonyeza kuti nambala zosasweka zilibe mapeto. Ungapeze yaikulu chotani, ina yoiposa iripo. Pambuyo pake Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, anapeza njira yozipatulira, ndipo mpaka lero njirayo imatchedwa sefa. Timalemba nambala mu mzere kuyambira 2. Tisunga 2 ndi kufafaniza 4, 6, 8 ndi zonse zogawika ndi 2. Tisunga 3 ndi kufafaniza 6, 9, 12 ndi anzake. Tisunga 5, tisunga 7, ndi kuchita chimodzimodzi. Zosweka zimagwa ngati ufa, zosasweka zimatsala pamwamba ngati misere. Ndipo mu 1950, ku Ishango m'dziko la Congo, pafupi ndi nyanja ya Edward, kunafukulidwa fupa la zaka pafupifupi 20 000 lokhala ndi timizere tojambulidwa m'magulu. Mu mzere umodzi magulu ake ndi 11, 13, 17 ndi 19, zomwe ndi nambala zosasweka zonse za pakati pa 10 ndi 20. Akatswiri amatsutsana ngati wojambulayo anachita dala kapena iai. Masiku ano makompyuta ndiwo amasaka nambala zotere, ndipo mu 2024 inapezeka ina ya zizindikiro zoposa 41 miliyoni.

Mitundu ina

Nambala zimene zimalowa bwino mu 129 056 ziripo 24. Zoyamba ndi 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32. Tikachulukitsa zimenezi ndi 37 tipeza 37, 74, 148, 296, 592 ndi 1 184. Tikazichulukitsa ndi 109 tipeza 109, 218, 436, 872, 1 744 ndi 3 488. Tikazichulukitsa ndi 4 033 tipeza 4 033, 8 066, 16 132, 32 264, 64 528 ndi 129 056 mwini wake.

Anthu akale a masamu anali ndi mwambo wina wosangalatsa. Anali kutenga nambala zonse zolowa bwino m'nambala ina, kusiya mwini wakeyo, ndi kuziphatikiza. Pa 10 zolowa ndi 1, 2 ndi 5. Pamodzi ndi 8. Sizinafike pa 10, kotero 10 ndi nambala yoperewera. Pa 6 zolowa ndi 1, 2 ndi 3. Pamodzi ndi 6 yemweyo. Imeneyi anaitcha nambala yangwiro, ndipo zotere ndi zosowa: pambuyo pa 6 pamabwera 28, kenaka 496, kenaka 8 128. Pa 12 zolowa ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6. Pamodzi ndi 16, zaposa 12. Imeneyi ndi nambala yosefukira. Tikaphatikiza nambala 23 zolowa mu 129 056 tipeza 134 284. Zaposa mwini wake ndi 5 228. Motero nambala ya Niassa ndi yosefukira. Kunena zoona, zimenezi sizidzatithandiza pa msika. Koma ndi ntchito yabwino yozolowetsa dzanja kuphatikiza, ndipo amene ali ndi nthawi madzulo ayese aone ngati tawerengera bwino.

Pali mtundu winanso. Tikadzala mitengo m'mizere 5, mzere uliwonse mitengo 5, munda ukhala wa mbali zofanana ndipo mitengo ikhala 25. Nambala ngati 4, 9, 16, 25 ndi 100 zimapangidwa pochulukitsa nambala ndi iyo yokha. Kodi 129 056 ndi yotere? 359 × 359 = 128 881, yachepa. 360 × 360 = 129 600, yapitirira. Yathu yagwera pakati, kotero si ya mtundu umenewu. Komabe taphunzirapo kanthu. Niassa akadakhala munda wa mbali zinai zofanana, mbali iriyonse ikadakhala ya makilomita 359 ndi pang'ono. Mseu wochoka ku Lichinga kupita ku Cuamba ndi wa makilomita pafupifupi 300, kotero mbali imodzi yokha ya mundawo ikadaposa ulendo umenewo.

Nthaka ndi anthu

Boma linawerenga anthu a m'dziko lonse mu 1980, 1997, 2007 ndi 2017. Kalembera wa 2017 anapeza anthu 1 810 794 m'Niassa. Nambala iyi ndi ya magulu atatu: miliyoni imodzi, zikwi 810, ndi 794. Tsopano tikudziwa poyambira. Yathera ndi 4, ndiye imagawika pawiri. Zizindikiro zake pamodzi ndi 30, ndiye imagawika patatu, koma osati ndi 9. Popeza iri ndi njerwa ya 2 ndi ya 3, imagawikanso ndi 6.

Tikagawa anthu 1 810 794 ndi 129 056 tipeza 14, ndi kutsala 4 010. Ndiye kuti m'chaka chimenecho panali anthu pafupifupi 14 pa sikweya kilomita iriyonse, kapena kuti anthu 14 pa mahekitala 100. Mlendo akamva zimenezi amati Niassa ndi dziko lopanda anthu, nthaka ingotengedwa. Koma kugawa kotere kumayala anthu mofanana pa mapiri, pa madzi ndi m'nkhalango, pamene anthu sakhala choncho. Malo osungira nyama a ku Mecula, Mavago ndi maboma ena oyandikana nao okha ndi a 42 000 km² kapena kuposa pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chigawo chonse. Anthu ambiri aunjikana ku Lichinga, ku Cuamba, ku Mandimba ndi ku Mecanhelas, kumene kuli miseu, misika ndi madambo. Ife a ku Lulimile tikudziwa kuti munda wabwino wa pafupi ndi mzinda supezeka wamba.

N'chifukwa chake nambala za mahekitala tiyenera kuziwerenga ndi maso athu. M'Mozambique nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Chimene munthu kapena mudzi umakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene umatchedwa DUAT. Lamulo la malo la 1997 linanena kuti munthu kapena kampani isanapatsidwe malo, anthu a m'mudzimo ayambe afunsidwa. M'zaka za pambuyo pa 2005 makampani odzala paini ndi bulugamu anapempha malo aakulu m'maboma ozungulira Lichinga, ndipo m'midzi ina munabuka mikangano ya malire. Pa msonkhano wotere pamabwera pepala, ndipo pa pepalapo pamakhala nambala. Mahekitala 500 ndi 5 km². Mahekitala 5 000 ndi 50 km², malo a makilomita 7 m'litali ndi 7 m'lifupi ndi kuposerapo pang'ono, okwana kumeza minda, madambo ndi manda a midzi ingapo. Pa pepala nambala ziwirizi zimasiyana ndi ziro mmodzi yekha. Mfumu kapena mlembi asanaike dzina kapena chala, wina wa m'mudzimo adule nambalayo m'magulu atatuatatu, aiwerenge mokweza anthu onse akumva, achotse maziro awiri kuti adziwe masikweya kilomita, ndipo anthu apite kukaona malirewo ndi mapazi ao.

Pa phunziro lotsatira aliyense abwere ataunika nambala ya Malawi ija, 118 484. Kodi imagawika pawiri kangati isanakane? Kodi anthu atatu angaigawane popanda chotsala? Nanga asanu ndi atatu? Amene ali ndi lisiti la fodya, la nyemba kapena la feteleza kunyumba abwere nalonso, tidzaliwerenge pamodzi pa bolodi.